Telesikopu ya Kalilole Yoyendera Kompyuta Ikamavuta: Zizindikiro, Zoyambitsa ndi Kakonzedwe Kake

Madandaulo a anthu amene angogula kumene telesikopu ya kalilole yoyendera kompyuta amafanana kwambiri. Wina amati chubu chikuloza pansi pomwe iye walamula kuti chipite pa Jupiter, wina amati rimoti ikumazima mamota akangoyamba kuyenda, winanso amati Saturn akuoneka ngati dontho la mkaka lopanda maonekedwe. Ambiri amathamangira kuganiza kuti agula chinthu chakufa, koma kawirikawiri makina amakhala ali bwinobwino. Chimene chiyenera kumveka poyambirira n'chakuti kompyuta ya m'telesikopu zambiri za oyamba kumene siona thambo. Imangowerengetsera pamene nyenyezi ziyenera kukhala potengera zimene mwaiuza, ndizo tsiku, nthawi, malo amene mwaima ndi nyenyezi ziwiri kapena zitatu zimene mwailozera, kenako imatuma mamota, amene amafika pamalopo pokhapokha magetsi akakhala okwanira. Chimodzi mwa zimenezi chikalakwika, makina amaphonya usiku wonse ngakhale alibe chilema chilichonse.

Zitsanzo za m'malangizo ano zachokera pa telesikopu ziwiri zodziwika: Celestron NexStar 130SLT, ya kalilole wa mamilimita 130 ndi focal length (mtunda wochokera pa kalilole kufika pamene kuwala kumasonkhana) ya mamilimita 650, yoyendetsedwa ndi rimoti, ndi Sky-Watcher Heritage 150P Virtuoso GTi, ya mamilimita 150 ndi 750, yoyendetsedwa ndi foni kudzera pa pulogalamu ya SynScan. Zonse ziwiri zimatsatira kapangidwe kamene Isaac Newton anayambitsa mu 1668: kalilole wamkulu wokumbika ngati mbale amakhala kumatako kwa chubu, amasonkhanitsa kuwala n'kukubwezera kwa kalilole wamng'ono wopendekeka amene ali kukamwa, ndipo ameneyu amakukhotetsera pambali, pamene pali kagalasi kosuzumirapo kotchedwa eyepiece.

Chenjezo limodzi liyambe kumveka: musalozetse telesikopu padzuwa popanda chosefera dzuwa chenicheni chotseka kukamwa konse kwa chubu, chifukwa diso limapsa m'kanthawi kochepa ndipo silichira. Masana musaisiye pabwalo pamene pali ana popanda woyang'anira.

## Rimoti ikukana alignment, kapena chubu chikuloza kutali ndi chimene mwasankha

Alignment ndi ntchito yoiphunzitsa kompyuta mmene thambo lakhalira usiku umenewo, ndipo apa m'pamene pamagona mavuto ambiri. Fufuzani motsatira ndondomeko iyi.

1. Tsiku lalembedwa mozondoka. Marimoti a NexStar ndi SynScan amafuna mwezi poyamba, kenako tsiku, pomwe ife tinazolowera kuyamba ndi tsiku. Pa 5 Ogasiti muyenera kulemba 08/05. Mukalemba 05/08, kompyuta imamva kuti ndi pa 8 Meyi, ndipo popeza nyenyezi zimasuntha pafupifupi madigiri 30 mwezi uliwonse, thambo limene ikuwerengetsera limasiyana kotheratu ndi limene lili pamutu panu. Cholakwika chimenechi chimabisala chifukwa chimatheka m'masiku 12 oyambirira a mwezi okha. Kuyambira pa 13 rimoti imakana yokha, moti munthu amadabwa kuti makina ake amagwira bwino kumapeto kwa mwezi n'kumavuta kumayambiriro.

2. Nthawi kapena chigawo cha nthawi n'cholakwika. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali pa +2, ndipo sasintha mawotchi m'chaka, choncho sankhani Standard Time, kapena yankhani kuti ayi rimoti ikafunsa za Daylight Saving, kusuntha mawotchi ndi ola limodzi kumene maiko ena amachita nyengo yotentha. Amene muli ku Britain mumayankha kuti inde kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala. Onetsetsaninso kuti 8 koloko ya usiku mwailemba PM. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, choncho kulakwitsa ola limodzi kumataya chubu mtunda wofanana ndi kukula kwa Mwezi wathunthu kuwirikiza ka 30. NexStar SLT ilibe wotchi yoyenda yokha ikazimitsidwa; imangokuonetsani nthawi imene munalemba ulendo wapitawo, ndipo mukangodina ENTER osaisintha, mwailamula kuti igwiritse ntchito nthawi yakale.

3. Malo amene mwaima sanalembedwe bwino. Rimoti yatsopano ya Celestron imabwera ndi malo a ku California, ndipo muyenera kuwasintha. Kwathu kuno latitude ndi ya kummwera, chilembo S, ndipo longitude ndi ya kum'mawa, chilembo E. Lilongwe ili pafupifupi pa 13° 58' S ndi 33° 47' E, Blantyre pa 15° 47' S ndi 35° 00' E, Mzuzu pa 11° 27' S ndi 34° 01' E, pomwe Lusaka ili pa 15° 25' S ndi 28° 17' E. Foni nthawi zambiri imapereka manambalawa ndi kadontho, monga 13.97; kuti mupeze maminitsi amene rimoti imafuna, chulukitsani mbali ya kuseri kwa kadontho ndi 60, ndipo 0.97 imasanduka maminitsi 58.

4. Mwaloza nyenyezi ina m'malo mwa imene rimoti yatchula. Mabuku ambiri a malangizo analembedwera anthu a kumpoto kwa dziko, ndipo amatchula Polaris, nyenyezi imene siioneka n'komwe kuchokera ku Malawi. Kuno anthu amasokoneza Sirius ndi Canopus, nyenyezi ziwiri zowala koposa usiku, kapena Alpha Centauri, imene rimoti ingaitchule Rigil Kentaurus, ndi mnzake Hadar amene ali pafupi naye. Pulogalamu ya Stellarium pa foni imathetsa chikaiko chimenechi. Madzulo a Januwale mpaka Malichi gwiritsani ntchito Sirius, Canopus, Rigel ndi Aldebaran. A Juni ndi Julayi, Arcturus, Spica, Antares ndi Alpha Centauri. A Seputembala ndi Okutobala, Vega, Altair, Fomalhaut ndi Achernar.

5. Nyenyezi zimene mwasankha zayandikana. Njira ya SkyAlign ya Celestron siifuna kuti mudziwe maina, koma imafuna zinthu zitatu zowala kwambiri, zotalikirana ndiponso zosandandalikana pamzere umodzi. Pewani zimene zili m'munsi kwambiri kapena pamutu penipeni. SkyAlign ikakana kawiri, sinthirani ku Auto Two-Star Align.

6. Miyendo yapendekeka. Yang'anani kathovu ka levulo musanaike chubu, ndipo imikani miyendo panthaka yolimba yosatitimira.

## Alignment yatheka, koma mu eyepiece mulibe kanthu

1. Finder siikugwirizana ndi chubu. Finder ndi kachipangizo ka kadontho kofiira kolozera, ndipo ngati kadonthoko kakuloza kwina pamene chubu chikuloza kwina, mukhoza kuphunzitsa kompyuta nyenyezi yolakwika osazindikira. Konzani zimenezi madzulo kusanade: lozetsani chubu pansonga ya nsanja ya mafoni kapena mtengo umene uli pamtunda wa kilomita imodzi, kumbali yotalikirana ndi dzuwa, ikani nsongayo pakatikati pa eyepiece ya 25mm, ndiyeno potokolani timagudumu ta finder mpaka kadontho kagwere pansonga yomweyo, osasuntha chubu. Kukada, tsimikizani pa nyenyezi yowala. Finder imagwiritsa ntchito kabatire ka CR2032, kamene kamatha msanga mukaiwala kuzimitsa.

2. Mwayamba ndi eyepiece yokulitsa kwambiri. Pa 130SLT, eyepiece ya 25mm imakulitsa ka 26 ndipo imaonetsa dera lotakata kuposa kukula kwa Mwezi wathunthu kuwirikiza katatu, pomwe ya 9mm imakulitsa ka 72 n'kuonetsa kadera kopapatiza. Yambani ndi ya 25mm nthawi zonse, ndipo musinthe chinthucho chikakhala pakati.

3. Nyenyezi za alignment sizinaikidwe pakati penipeni. Chepetsani liwiro la mamota, ikani nyenyezi pakati ndi eyepiece ya 9mm, ndipo malizani ndi mabatani opita m'mwamba ndi kumanja. Mano a magiya amakhala ndi kampata, ndipo kumaliza ndi mabatani amenewa kumachititsa kuti manowo alumane mbali yomwe kompyuta imamalizira ikamayendetsa yokha chubu.

4. Mwendo wagundidwa, kapena chubu chakankhidwa ndi dzanja. Pa NexStar SLT zimenezi zimafafaniza alignment, ndipo palibe kuchitira mwina koma kuyambiranso. Virtuoso GTi ili ndi njira ya Freedom Find imene imalola kukankha chubu, koma imagwira ntchito pokhapokha mutaiyatsa mu pulogalamu, ndipo siithandiza ngati tsinde lonse lasunthidwa.

5. Chinthucho chilipo koma n'chozimiririka. Lamulani makina apite pa nyenyezi yowala ya kufupi nacho. Ikalowa mu eyepiece, ndiye kuti makina akuloza bwino, ndipo nkhani ili pa thambo kapena pa diso, monga tafotokozera m'munsimu.

## Mamota akufooka, rimoti ikuzima, kapena chubu chikuyenda chokha

Pa zizindikiro zimenezi musaganizire kanthu kena musanathane ndi magetsi. Magetsi ochepa samangozimitsa makina. Amayamba ndi kuwasokoneza, moti chubu chimatha kuima panjira, kupitirira malo, kapena kuyenda osalamulidwa pamene sikirini ikuwalabe ngati zonse zili bwino.

1. Mabatire afooka. Makinawa amafuna 12V, imene imachokera ku mabatire 8 a AA a 1.5V lililonse. Mabatire amenewa satenga nthawi, makamaka usiku wozizira wa Juni, ndipo otchajanso a NiMH amapereka 1.2V lililonse, kutanthauza pafupifupi 9.6V yokha. Ine ndimaona kuti mabatire a AA ndi ongodikirira pangozi. Njira yokhalitsa ndi batire lomata la 12V 7Ah, longa la m'ma UPS kapena m'timasola ta m'nyumba, lokhala ndi fyuzi pachingwe chake.

2. Pulagi ikugwedera. Pulagi yake ndi ya mamilimita 5.5 kunja ndi 2.1 m'kati, ndipo moto wa positive umakhala pakati. Ikakhala yokhwefuka, magetsi amaduka kwa kamphindi chubu chikamatembenuka ndipo rimoti imayambiranso. Mangirirani chingwe kumkono wa makina kuti kulemera kwake kusakoke pulagi.

3. Chingwe chakulunga miyendo. Yatsani Cordwrap, njira yoletsa makina kukulunga chingwe, mu rimoti, ndipo muike batire pansi pakati pa miyendo.

4. Adaputa n'njosayenera. Gwiritsani ntchito ya 12V yopereka 2A kapena kuposerapo. Tchaja ya laputopu, imene kawirikawiri imapereka 19V, ikhoza kulowa bwinobwino pabowolo n'kuotcha bolodi nthawi yomweyo.

5. Chubu chalemera mbali imodzi. Eyepiece yolemera kapena foni yomangiriridwa pa focuser, kachipangizo kolowetsamo eyepiece, imachititsa kuti chubu chiterereke. Chisunthireni kumbuyo pang'ono m'chomangira chake.

Uthenga wa No Response 16 pa NexStar umatanthauza kuti rimoti siikumvana ndi mota yozungulitsa cham'mbali, ndipo No Response 17 imanena za mota yokweza ndi kutsitsa. Zimitsani makina, zulani ndi kulowetsanso chingwe cha rimoti mpaka chilire, ndipo muyesenso ndi batire lodzaza. Musazule kapena kulowetsa rimoti makina ali oyaka.

## Mukasuzumira mukungoona mdima

Izi sizichedwa kukonzeka. Onani ngati mwachotsa chivundikiro chonse cha kukamwa kwa chubu, osati kachivundikiro kakang'ono kokha kamene kamakhala pa zivundikiro zina. Pa Heritage 150P, chubu ndi chopinda, ndipo chiyenera kukokedwa mpaka kumapeto n'kumangidwa. Chotsani Barlow, kagalasi kowonjezera kukulitsa, ngati mwaiika, lozani Mwezi ndi eyepiece ya 25mm, ndipo muyendetse focuser pang'onopang'ono kuchokera kumapeto kwina mpaka kwina. Mukaona kuti chithunzi n'chozondoka, palibe chalakwika, chifukwa telesikopu za mtundu wa Newton zimaonetsa motero, ndipo n'chifukwa chake sizoyenera kuonera mapiri kapena nyama.

## Chithunzi chikuoneka cha mbuu, kapena chikugwedezeka ngati chili m'madzi

Oyamba kumene ambiri akamva mawu akuti collimation, kutanthauza kuongola akalilole kuti akhale pamzere umodzi, amathamangira kupotokola timabawuti ta akalilole, ndipo amawononga zimene zinali bwino. Collimation ili pa nambala 5 pamndandanda uno mwadala.

1. Focus sinafike. Nyenyezi imakhala pa focus pamene ili kadontho kochepetsetsa. Ikamaoneka ngati chigumu chozungulira chokhala ndi bowo lakuda pakati, ndiye kuti mwapitirira, ndipo bowolo ndi mthunzi wa kalilole wamng'ono. Palibe telesikopu ya mtundu uwu imene imakulitsa nyenyezi kukhala mpira.

2. Mwakulitsa mopitirira. Kukulitsa kumapezeka pogawa focal length ya telesikopu ndi nambala ya pa eyepiece: 650 kugawa ndi 9 ndi 72, ndipo Barlow ya 2x imafikitsa pa 144. Malire a kalilole ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri mamilimita ake, ndiye kuti 260 pa kalilole wa 130, koma mpweya wa mumlengalenga sulola kufika pamenepo usiku wambiri. Chithunzi chaching'ono chooneka bwino chimaonetsa mikwingwirima ya Jupiter kuposa chachikulu cha mbuu.

3. Kalilole akadali wofunda. Telesikopu yochokera m'nyumba imatulutsa mpweya wofunda m'chubu, ndipo mpweyawo umavundula chithunzi. Itulutseni panja mphindi 30 musanayambe, chivundikiro chili chochotsa, ndipo muyambe ndi zinthu zosafuna kukulitsa kwambiri.

4. Mpweya sunakhazikike, kapena mame agwa. Denga la malata ndi khonde la simenti zimatulutsa kutentha kwa maola angapo dzuwa litalowa, makamaka mu Okutobala, ndipo pulaneti imene mukuionera pamwamba pa denga kapena pa mbaula yoyaka imaoneka ngati ikuwira. Imani pa kapinga kapena padothi, musaonere pawindo, ndipo dikirani chinthucho chikwere kuposa madigiri 30. Pa nkhaniyi tili ndi mwayi, chifukwa kuno mapulaneti amadutsa m'mwamba kwambiri kusiyana ndi mmene amachitira ku London. Ngati chithunzi chinayamba bwino kenako n'kuzimiririka, unikani eyepiece ndi kalilole wamng'ono. Mukapeza mame, musapukute. Fundizani eyepiece m'thumba, ndipo kukamwa kwa chubu muvekeko chikatoni chopyapyala chokulunga chotalika masentimita 20.

5. Akalilole asiyana mzere. Telesikopu yoyenda m'misewu ya mabampu imafuna collimation kawirikawiri, makamaka ya f/5 ngati ziwirizi, zimene focal length yake ndi kasanu kukula kwa kalilole. Poyesa, ikani nyenyezi yowala pakati penipeni ndi eyepiece ya 9mm kapena 10mm, kalilole atazizira, ndipo muchotse focus pang'ono. Mthunzi wakuda ukakhala pakati pa mizere yozungulira, musakhudze kanthu. Ukapendekera mbali imodzi, konzani masana motere:
   - Gonekani chubu chopingasa kuti sipanala ikapulumuka isagwere pa kalilole wamkulu.
   - Ikani collimation cap kapena Cheshire, tizipangizo tokhala ndi kabowo kosuzumira, mu focuser, ndipo mupotokole timabawuti titatu ta kalilole wamng'ono mpaka kalilole wamkulu aoneke yense pamodzi ndi tizitsulo tomugwira. Bawuti yapakati musaimasule.
   - Masulani timabawuti totsekera ta kumatako, ndipo mupotokole tosinthira pang'onopang'ono, osapitirira kota ya kuzungulira nthawi imodzi, mpaka kamphete ka pakati pa kalilole wamkulu kakumane ndi kabowo ka chipangizo chanu.
   - Mangani totsekera mosalimbitsa kwambiri, ndipo mutsimikize pa nyenyezi usiku.

Nyenyezi za m'mphepete mwa eyepiece zikamaoneka ngati zili ndi kamchira pomwe zapakati zili bwino, chimenecho ndi chibadwa cha kalilole wa f/5. Mizere yopingasana pa nyenyezi zowala nayonso si vuto. Imachokera ku tizitsulo togwira kalilole wamng'ono.

## Chinthu chikuthawa mu eyepiece, kapena chithunzi chikunjenjemera

Makina akapanda kutsatira thambo, pulaneti imadutsa eyepiece ya 9mm m'mphindi zosakwana zitatu. Onani ngati alignment inamalizidwadi, chifukwa popanda iyo makina satsatira bwino. Kenako onani kuti Tracking Mode ili pa Alt-Az, osati Off, EQ North kapena EQ South, ndipo Tracking Rate ili pa Sidereal, kapena Lunar mukamaonera Mwezi. Makina a mtundu uwu amavutikanso ndi zinthu zimene zili pamutu penipeni, ndipo pa 130SLT matako a chubu akhoza kugunda tsinde; ikani Slew Limits, malire a pamene chubu chingafike, ndipo mudikire ola limodzi kuti chinthucho chipendeke.

Kunjenjemera kumachokera ku miyendo. Musaitalikitse mpaka kumapeto, mangani thireyi yapakati, limbitsani mabawuti, pachikani botolo la madzi la malita awiri pakati pake, ndipo muonere mutakhala pampando osagwira chubu.

## Milalang'amba ikungooneka ngati kautsi

Apa palibe chokonza pa makina, koma ndimaona kuti n'kofunika kulankhulapo, chifukwa kukhumudwa kumeneku n'kumene kumachititsa telesikopu zabwino kusungidwa pansi pa bedi. Zithunzi zamitundumitundu za pa intaneti zimajambulidwa ndi makamera osonkhanitsa kuwala kwa maola ambiri, pomwe diso limaona zinthu zozimiririka motuwa. Zimene zimachepetsa kuona, kuyambira chofala kwambiri, ndi kuwala kwa Mwezi, magetsi a m'tauni, diso losazolowera mdima, ndi utsi wa moto wa m'tchire pamodzi ndi fumbi, zimene zimaphimba thambo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Thambo loyera bwino limapezeka mu Meyi, Juni ndi Julayi, m'masiku a mdima. Lipatseni diso mphindi 20 mpaka 30 popanda tochi yoyera kapena sikirini ya foni, gwiritsani ntchito tochi yofiira, ndipo muphunzire kuyang'ana cham'mbali pang'ono mwa chinthucho, chifukwa m'mphepete mwa diso mumagwira kuwala kofooka bwino kuposa pakati.

Yambani ndi zinthu zowala zimene thambo la kummwera lili nazo zochuluka: Omega Centauri, 47 Tucanae, Jewel Box pafupi ndi Mtanda wa Kummwera, mtambo wa Carina, M42 mu Akamwiniatsatana, ndi Nsangwe. Nthanda, imene rimoti imaitchula Venus, imaonetsa kusintha kwa maonekedwe ngati Mwezi, ndipo Jupiter amaonetsa miyezi yake ikuluikulu inayi, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto. Mphete za Saturn zinali chammbali kotheratu mu Malichi 2025, ndipo zikutseguka pang'onopang'ono mpaka cha mu 2032. Mars amakhala wamng'ono kupatula pamene wayandikira, pafupifupi miyezi 26 iliyonse.

## Foni ikuduka pa Wi-Fi ya telesikopu

Wi-Fi ya telesikopu ilibe intaneti, choncho foni imaithawa n'kubwerera ku data kapena ku Wi-Fi ya m'nyumba. Zimitsani data, vomerezani foni ikafunsa ngati ikhalebe pa netiweki yopanda intaneti, lolani pulogalamu idziwe malo amene muli, ndipo muletse njira yosunga batire kuti isamatseke pulogalamuyo. Zikapitirira, bwererani ku gawo la magetsi.

## Fumbi kapena nkhungu pa kalilole

Kalilole wounikidwa ndi tochi amaoneka wakuda kuposa mmene alili, ndipo fumbi lochepa silisintha chithunzi. Chonyezimira chake ndi aluminiyamu wopyapyala kwambiri wopakidwa pamwamba pa galasi, choncho nsalu, tishu kapena mankhwala otsukira mawindo zimamukanda kosabwerera. Fumbi louluka lichotseni ndi kampira kopemerera mpweya. Mdani weniweni ndi chinyezi cha nyengo ya mvula: mukalowa m'nyumba, siyani chubu chotsegula mpaka chiume, ndiyeno muchivundikire n'kuchisunga pamalo ouma pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, mabatire mutawachotsa kuti asatayikire m'kati.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

Zimitsani makina ndipo musapitirize kuyesa mukaona chimodzi mwa izi:

- Mwamva fungo la kupsa, mwaona utsi, kapena makina afa mutalumikiza magetsi mozondoka kapena opitirira muyezo.
- Mota ikulira mokukuta, kapena ikuzungulira chubu osasuntha, ngakhale batire lili lodzaza.
- No Response 16 kapena 17 ikubwerabe mutayesa batire lina ndi chingwe china.
- Rimoti ikuonetsa uthenga wa Boot Loader. Zimenezi zimakonzedwa polowetsanso pulogalamu ya m'kati ndi Celestron Firmware Manager, koma ngati simunachitepo, pezani wodziwa, chifukwa magetsi akaduka ntchito ili m'kati vuto limakula.
- Kalilole wang'aluka, wasupuka, wamera nkhungu yonga ulusi, kapena kalilole wamng'ono wamatuka.
- Mwayesa collimation kangapo koma kalilole wamkulu sakuonekanso yense.

Ngati waranti isanathe, musatsegule makina. Lemberani wogulitsa, mutajambula uthenga wa pa sikirini. Chingwe, soketi kapena switchi zikhoza kukonzedwa ndi mmisiri wa zamagetsi wozolowera mawailesi ndi ma TV, koma akalilole musamupatse. Kutsuka kalilole koyamba muchitire pamodzi ndi munthu amene anachitapo, pogwiritsa ntchito madzi otchezedwa, ndipo kupakanso aluminiyamu kumachitika m'makina apadera ochotsa mpweya. Amene muli ku South Africa mungapeze anthu odziwa ntchito zimenezi kudzera m'nthambi za Astronomical Society of Southern Africa. Wina akayang'ana dzuwa mwangozi n'kumaona kadontho kosachoka, apite kuchipatala cha maso tsiku lomwelo.

## Kugula mopewa mavuto amenewa

Ngati simunagule, yang'anani kukula kwa kalilole, osati nambala ya kukulitsa yolembedwa pabokosi. Mamilimita 130 kapena 150 ndi poyambira pabwino, ndipo pa f/5 kalilole akhale wa mtundu wa parabolic. Chenjerani ndi chubu chachifupi, cha theka la mita, cholembedwa focal length ya mamilimita 1000. Chimenecho chimakhala ndi kagalasi kowonjezera m'kati mwa focuser, kapangidwe kotchedwa Bird-Jones, ndipo collimation yake ndi yovuta kwa woyamba kumene. Ganiziraninso kuti 130SLT siigwiritsika ntchito bwino popanda magetsi, pomwe Heritage GTi mukhoza kuikankha ndi dzanja batire likatha, koma imafuna tebulo kapena mpando wolimba woiikapo. Pogula yakale, iyatseni pamaso pa wogulitsa, yendetsani mamota mbali zonse zinayi, ndipo muyang'ane akalilole poyera.

Pa zipangizo zowonjezera, ndalama zoyamba zipite ku batire la 12V ndi chingwe chake, tochi yofiira, Cheshire kapena collimation cap, ndi mabatire a CR2032 apadera. Pambuyo pake gulani eyepiece ya Plössl ya 32mm yopezera zinthu mosavuta, imene pa 130SLT imakulitsa ka 20, kenako Barlow yabwino ya 2x kapena eyepiece ya 6mm, imene imapereka 108, ya mapulaneti. Onetsetsani kuti zonse ndi za muyezo wa mainchesi 1.25. Mabokosi okhala ndi ma eyepiece ambiri ndi zosefera zamitundumitundu asiyeni kaye kufikira mutaonera miyezi ingapo n'kudziwa chimene chikukusowani. Chosefera dzuwa chomangirira pa eyepiece, chimene chimapezeka m'mabokosi a telesikopu zina zotchipa, musachigwiritse ntchito ngakhale kamodzi, chifukwa chimakhala pamene kutentha konse kwasonkhana ndipo chimatha kung'aluka diso lili pomwepo.